Kukonza Malo a Panja pa Nyumba ya Maofesi: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni nyumba za maofesi, oyang'anira nyumbazo komanso makampani ochita lendi amafunsa kawirikawiri akafika pa nkhani yokonza malo a panja. Asanjidwa kuyambira pa zoyambirira kufikira pa zakuya, ndipo pamene yankho lina likudalira linzake, talozera komweko m'malo mobwereza.

Kodi kukonza malo a panja pa ofesi si kudzala maluwa ndi kapinga basi?

Ayi. Maluwa ndi kapinga ndi zimene maso amayamba kuona, koma pa ntchito yeniyeni zimabwera kumapeto. Kukonza malo a panja ndi kulingalira za malo onse amene ali pakati pa khoma la nyumba ndi malire a poloti: polowera magalimoto, powaimika, tinjira ta oyenda pansi, kumene madzi a mvula azilowera, pamene padzakhale mthunzi, nyali za usiku, zikwangwani, posungira zinyalala, popumira antchito, kenako zomera. Zonsezi zimajambulidwa pa pulani imodzi chifukwa chimodzi chikasuntha, zinzake zimasunthanso. Mukasintha malo a geti, njira ya oyenda pansi imasintha, ndipo njirayo ikasintha madzi amapeza kwina kolowera, mwinanso mtengo umene unayenera kupereka mthunzi pakhomo umapezeka kuti waima pamwamba pa paipi.

Ntchitoyi ili ndi maphunziro ake komanso mbiri yake. Frederick Law Olmsted ndi Calvert Vaux, omwe pulani yawo inapambana mpikisano wokonza Central Park mumzinda wa New York mu 1858, ndi ena mwa anthu amene anaitchukitsa, ndipo bungwe la akatswiri a ntchitoyi pa dziko lonse, lotchedwa IFLA, linakhazikitsidwa ku Cambridge mu 1948.

Nanga zikusiyana bwanji ndi kukonza bwalo la pakhomo?

Bwalo la pakhomo lili ndi mwini wake amene amaliona tsiku lililonse, ndipo duwa likafota amatenga ndowa n'kulithirira osadikira kuuzidwa. Pa ofesi pamadutsa anthu ambirimbiri, ochuluka a iwo ali pa changu, ena ndi alendo amene sakudziwa n'komwe kumene kuli khomo, ndipo wosamalira malowo amakhala ndi maola owerengeka pa sabata. Chomera chofuna kuleredwa ngati khanda sichikhalitsa pamalo otere. Palinso nkhani ya udindo, chifukwa munthu akaterereka pa njira yonyowa, kapena nthambi ikathyokera pa galimoto ya mlendo, amene amayankha mlandu nthawi zambiri ndi mwini nyumba.

Kodi pali phindu lanji kwa mwini nyumba?

Munthu wobwera kudzaona ofesi yoti achite lendi amakhala atayamba kale kuiweruza nyumbayo asanalowe, pakuti zimene wakumana nazo poyamba ndi geti, poimika galimoto ndi njira yopita ku khomo. Mitengo yodzalidwa kum'mawa ndi kumadzulo kwa nyumba imatchinga dzuwa la m'mawa ndi la madzulo, limene limawomba makoma ndi mawindo mwachindunji, motero makina oziziritsa m'nyumba sagwira ntchito yochuluka. Madzi a mvula akalondoleredwa bwino, maziko ndi phula zimakhalitsa. Ndondomeko zoyezera nyumba zosamala chilengedwe, monga BREEAM imene inayamba ku Britain mu 1990 ndi LEED ya ku America, nazonso zimawerengera mmene malo a panja akugwiritsira ntchito madzi ndi nthaka.

Phindu lina silioneka m'mabuku a ndalama. Mu 1984, Roger Ulrich anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa pa chipatala china ku Pennsylvania, zomwe zinaonetsa kuti odwala amene anachitidwa opaleshoni n'kugonekedwa m'zipinda zoyang'ana mitengo ankatuluka msanga ndipo ankafuna mankhwala amphamvu opha ululu ocheperapo poyerekeza ndi anzawo amene mawindo awo ankayang'ana khoma la njerwa. Ofesi si chipatala, ndipo sindingalonjeze kuti mitengo idzakweza phindu la kampani, koma ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu amene amakhala pa desiki maola 8 tsiku lililonse ayenera kukhala ndi chinthu chamoyo choti aziona akatukula maso.

Kodi katswiri wa mapulani a panja tizimuitana pa nthawi iti?

Muitaneni pa tsiku limene mukusankha pamene nyumbayo idzaime pa poloti, kuti akhale pa tebulo limodzi ndi wojambula nyumba komanso injiniya. Cholakwika chimene ndimachiona mobwerezabwereza ndi kumuitana nyumba itatha, penti atapaka kale, kutatsala masabata awiri kuti atsegulire. Pa nthawi imeneyo phula limakhala litathiridwa, mapaipi atakwiriridwa paliponse pamene panali posavuta kukumba, ndipo malo a zomera ndi timizere totsalira m'mphepete mwa mpanda. Zikatero katswiri uja sangachitenso zambiri kupatula kubisa zolakwika ndi masamba.

Dziwaninso kuti pali ntchito zitatu zosiyana: kujambula pulani, kuigwira ntchitoyo pa malo, ndi kusamalira malowo chaka ndi chaka. Kampani imodzi ikhoza kuchita zonse, koma n'kwanzeru kuti wojambula pulani akhale ndi mphamvu yoyendera ntchito ya kontilakitala ndi kukana zimene sizinatsatidwe.

Kodi amayamba waona chiyani asanajambule?

Amayeza kutsetsereka kwa malo kuti adziwe kumene madzi amathamangira, amakumba maenje angapo kuti aone nthaka, amaona mbali zimene zimalandira dzuwa tsiku lonse ndi zimene zimakhala mumthunzi wa nyumba, komanso kumene mphepo imachokera. Amafunanso mapu a mapaipi a madzi, a zimbudzi ndi nthambo za magetsi kapena za intaneti zimene zili pansi, ndiponso malamulo a khonsolo ya kumaloko okhudza malire, mitengo ndi kuchuluka kwa malo oimika magalimoto.

Pa nyumba imene ikugwira kale ntchito, mphunzitsi wodalirika ndi mapazi a anthu. Mudzaona kanjira kopanda udzu kodutsa pakati pa kapinga, kochoka pa geti kulunjika pa khomo, pamene njira ya simenti yazungulira kutali. Kanjira kameneko kakunena kuti njira inayalidwa pamalo olakwika. Chikwangwani choletsa anthu kuponda kapinga sichingathetse vutoli, ndipo chofunika ndi kuyala njira pomwe anthuwo asankha kale.

N'chifukwa chiyani zomera zambiri zimafa pakangotha miyezi yochepa nyumba yatsopano itatsegulidwa?

Kawirikawiri vuto silikhala la mbande kapena la wothirira, koma la nthaka. Pa nthawi yomanga, malole ndi makina olemera amayenda pamalopo miyezi yambiri, ndipo dothi limatsendereka mpaka kulimba ngati msewu, moti mpweya ndi madzi sizingalowe. Pamwamba pa izo, amisiri amatsukira zida za simenti pansi, ndipo laimu wa mu simentiyo amasintha nthaka kukhala yamchere wa mtundu umene umalepheretsa mizu kuyamwa zakudya zina monga ayironi. Zomera zambiri zimakula bwino pa nthaka ya pH (muyezo wa asidi ndi laimu m'nthaka) pakati pa 6 ndi 7, ndipo pamene panatayidwa simenti muyezowu umakwera kupitirira pamenepo.

Ndinaitanidwapo pa nyumba ina ya maofesi pamene mitengo yonse ya m'mbali mwa msewu wolowera inali itachita chikasu pasanathe chaka. Eni ake ankaganiza kuti ikufa ndi ludzu, ndipo anali atalamula kuti izithiriridwa kawiri pa tsiku. Titakumba m'mbali mwa mtengo umodzi, khasu linangolowa masentimita 15 n'kugunda zidutswa za njerwa, thumba la simenti louma gwa, waya ndi mapepala a pulasitiki. Dzenje limene munadzalidwa mtengowo linali ngati mphika, madzi atadzaza ndipo akununkha, mizu yonse itada n'kuwola. Mitengo ija inali kumira, ndipo madzi owonjezerawo ndi amene ankaimaliza.

Njira yopewera zimenezi imayamba ntchito yomanga isanayambe. Dothi lachonde la pamwamba lichotsedwe n'kuunjikidwa pambali, osasakaniza ndi la pansi, ndipo malo amene adzakhale a zomera atchingidwe kuti magalimoto asayendepo. Kumanga kukatha, zinyalala zonse zichotsedwe, dothi lolimba litipulidwe mwakuya, kenako dothi lachonde libwezeretsedwe pamodzi ndi manyowa owola bwino. Kapinga amafuna dothi labwino lakuya masentimita 10 mpaka 15, zitsamba 30 mpaka 45, pamene mitengo imafuna 60 kapena kuposerapo. Musanadzale, kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mulidzaze madzi, akaphwa mulidzazenso. Ngati tsiku lotsatira madzi akadali momwemo, konzani kayendedwe ka madzi kaye.

Kodi madzi a mvula tichite nawo bwanji?

Yambani ndi kuwerengera. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi, kutanthauza kuti denga la masikweya mita 1,000 limatsitsa malita 20,000 pa mvula ya mamilimita 20 yokha. Onjezani madzi a pa phula ndi a m'njira za simenti, zomwe sizimwa madzi ngakhale pang'ono, ndipo mudzaona kuti nyumba ya maofesi imatulutsa madzi ochuluka kwambiri m'mphindi zochepa. Madzi amenewa ayenera kukhala ndi kopita kokonzedwa dala.

Lamulo loyamba ndi lakuti nthaka itsetsereke kuchoka ku khoma. Pa dothi, amisiri ambiri amatsata kutsika kwa masentimita 5 pa mita iliyonse m'mamita atatu oyambirira, ndipo pa malo oyalidwa simenti kapena njerwa masentimita 2 pa mita amakwanira. Kenako ganizirani zosunga madziwo m'malo mongowathamangitsira mu ngalande. Ena akololedwe m'mathanki kuti adzathirire nthawi youma. Ena alondoleredwe ku malo otsika pang'ono odzalidwa zomera zopirira madzi, kumene amaima kwa kanthawi n'kulowa pansi. Malo oterewa akhale mamita osachepera atatu kuchoka pa maziko, ndipo madzi ake aphwe mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri. Amene amaopa udzudzu adziwe kuti udzudzu umafuna pafupifupi sabata kapena kuposerapo kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka, choncho madzi ophwa m'masiku awiri sauswanitsa. Chimene chimaswanitsa udzudzu ndi ngalande yotsekeka ndi masamba komanso thanki losavindikira.

Pa poloti pali kale mitengo ikuluikulu. Kodi tiidule kapena tiisiye?

Mtengo waukulu wathanzi ndi chinthu chimene ndalama sizingagule, chifukwa mthunzi wake watenga zaka makumi angapo kuti ufike pamenepo. Ngati katswiri wa mitengo wauona kuti ndi wolimba ndipo suli pamene pakhale nyumba, usungeni. Koma kuusunga si kungosiya kuudula. Mizu yambiri ya mtengo imakhala m'masentimita 60 a pamwamba ndipo imayanza kutali kupitirira nthambi, moti kukumba ngalande pafupi, kuunjikapo mchenga kapena kuimikapo malole kumaupha pang'onopang'ono, ndipo zizindikiro zake zimadzaoneka patapita zaka, kontilakitala atapita kalekale.

Muyezo wa ku Britain wotchedwa BS 5837 umapereka njira yosavuta kukumbukira. Yezani kukula kwa thunthu modutsa pakati, pa msinkhu wa mamita 1.5 kuchoka pansi, n'kuchulukitsa ka 12, ndipo yankho lake ndi mtunda wochoka pa thunthu umene uyenera kutetezedwa mbali zonse. Mtengo wa thunthu la masentimita 50 umafuna mamita 6. Malo amenewa amangidwe mpanda wolimba, osati chingwe chabe, mpaka ntchito yomanga itatha.

Kodi mitengo yoyenera kudzala pa ofesi ndi yotani?

Palibe mndandanda umodzi woyenera malo onse, pakuti nyengo ndi nthaka zimasiyana, koma mafunso ofunsa ndi amodzimodzi. Kodi mtengowu ukakhwima udzatalika ndi kutambasuka bwanji? Kodi mizu yake ndi yaukali? Kodi nthambi zake zimathyoka msanga kukachita mphepo? Kodi umagwetsa zipatso kapena utomoni wodetsa magalimoto ndi kutereretsa njira? Mitengo ya mtundu wa mkuyu ndi kachere imakhala ndi mizu imene imatukula simenti ndi kulowa m'mapaipi, ndipo bulugamu amamwa madzi ambiri komanso amagwetsa nthambi, choncho yonseyi imafuna malo aakulu kutali ndi nyumba. Pa dothi la makande, limene limatupa likanyowa n'kunyala likauma, mtengo womwa madzi ambiri ukakhala pafupi ndi khoma ukhoza kuchititsa ming'alu.

Musadzale mtundu umodzi wokha ngakhale utakhala wokongola chotani. M'zaka za m'ma 1900, matenda ena a mitengo ya elm anapha mitengo mamiliyoni ambiri ku Ulaya ndi ku North America, ndipo misewu imene inadzalidwa mtundu umodziwo inatsala pambalambanda. Potengera phunziro limeneli, Frank Santamour anapereka mu 1990 malangizo akuti mtundu umodzi usapitirire mitengo 10 pa 100 iliyonse, mitengo yapachibale chapafupi isapitirire 20, ndipo ya banja limodzi isapitirire 30. Malangizowa anali a mizinda, ndipo pa poloti yaing'ono sangatsatidwe ndendende, koma mfundo yake ikugwirabe ntchito.

Kodi ndi bwino kudzala zomera zachilengedwe za kumaloko zokhazokha?

Zomera za kumaloko zinazolowera mvula, kutentha ndi tizilombo ta dera lawo, ndipo zimadyetsa mbalame ndi njuchi, choncho ziyenera kukhala gawo lalikulu. Komabe kachilumba ka dothi kozunguliridwa ndi phula lotentha si nkhalango, ndipo nthawi zina chomera chochokera kwina ndi chimene chimapirira pamenepo. Chimene muyenera kukana kotheratu ndi zomera zimene zimathawa m'bwalo n'kukawononga tchire ndi madambo. Lantana camara ndi namasupuni zinafalikira m'mayiko ambiri chifukwa anthu anazitenga ngati zokongoletsera, ndipo lero zili m'gulu la zomera zowononga kwambiri pa dziko lonse.

Kodi kapinga akhale wochuluka bwanji?

Akhale pamene anthu adzakhalepo kapena kuyendapo, osati paliponse pamene patsala malo. Kapinga amaoneka wotchipa pa tsiku lodzala, koma ndi amene amadya madzi ndi nthawi ya antchito kuposa zomera zina zonse. Nthawi yotentha amafuna madzi pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, zomwe pa masikweya mita 1,000 ndi malita 25,000 sabata iliyonse, kuwonjezera pa kutchetcha, feteleza ndi kuzula namsongole. Timizere ta kapinga topyapyala m'mbali mwa msewu ndi pa malo otsetsereka kwambiri n'tovuta kuthirira ndi kutchetcha, ndipo pamenepo zomera zoyanga pansi kapena zitsamba zifupizifupi zimachita bwino. Maganizo okonza malo mosamala madzi anatchuka mumzinda wa Denver mu 1981, pansi pa dzina lakuti xeriscape, ndipo imodzi mwa mfundo zake ndi yomweyi yochepetsa kapinga. Potchetcha, musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa udzu nthawi imodzi, chifukwa kapinga wometedwa mpala amapsa ndi dzuwa n'kupereka mpata kwa namsongole.

Nanga njira yabwino yothirira ndi iti?

Pa mitengo ndi zitsamba, mthirira wodontheza madzi pa tsinde ndi wabwino, chifukwa madzi amalowa pa mizu osauluka ndi mphepo kapena kunyowetsa makoma. Njira imeneyi m'maonekedwe ake a masiku ano inakonzedwa ku Israel ndi Simcha Blass, ndipo kampani ya Netafim, yopanga zipangizo zake, inakhazikitsidwa mu 1965. Zowaza madzi m'mwamba zisiyireni kapinga. Zomera zofuna madzi ofanana zidzalidwe pamodzi ndipo zikhale ndi mpope wawo, apo ayi mudzamiza zina pofuna kukhutitsa zinzake. Thirirani mbandakucha, mokwanira koma osati tsiku lililonse, kuti mizu izitsikira pansi kukafuna chinyezi. Ikani mita ya madzi yapadera ya panja kuti paipi ikaphulika pansi mudziwe msanga, ndipo musanayale njira kapena phula, kwirirani pansi pake mapaipi aakulu opanda kanthu odzapisamo mapaipi ndi nthambo m'tsogolo.

Kodi pamalo oimika magalimoto pangadzalidwe mitengo osawononga phula?

N'zotheka, malinga mtengowo wapatsidwa dothi lokwanira. Chimene chimachitika m'malo ambiri ndi kusiya kabowo ka mita imodzi mbali zonse pakati pa phula n'kudzalamo mtengo. Mtengo wotere umapinimbira, kapena mizu yake imakwera pamwamba kufuna mpweya n'kutukula phula. Ndi bwino kusiya mzere umodzi wautali wa dothi pakati pa mizere ya magalimoto kuti mitengo ingapo igawane nthaka, ndipo m'mphepete mwake musiye timipata kuti madzi a pa phula azilowamo, monga tafotokozera pa funso la madzi a mvula. Kasankhidwe ka mitengoyo katsatire zimene zanenedwa pa funso la mitengo yoyenera.

Pakhalenso njira yooneka bwino ya oyenda pansi yochoka pa magalimoto kufika pa khomo, potulukira pasadzalidwe chilichonse chotchinga maso a dalaivala, ndipo njira ya galimoto yozimitsa moto ndi ya ambulansi isatsekedwe ndi mtengo kapena miphika ya maluwa.

Kodi tingaonetsetse bwanji kuti anthu a ulumali akufika mosavuta?

Munthu woyenda pa njinga ya anthu a ulumali alowere khomo lomwelo limene ena onse akulowera, osati kuzungulira kuseri kumene kuli zinyalala. Malamulo a mayiko amasiyana, koma miyezo ya lamulo la ku America la ADA, la mu 1990, ndi yodziwika kwambiri. Chitsetso cholowa m'malo mwa masitepe chisakwere kuposa mita imodzi pa mamita 12 aliwonse, ndipo njira yokwera kuposa mita imodzi pa mamita 20 imawerengedwa kale ngati chitsetso chofuna popumira ndi zogwirira. Kuti njinga ziwiri zidutsane pamafunika njira yotambasuka pafupifupi mamita 1.5. Miyala ing'onoing'ono yongomwaza si njira, pakuti matayala amatitimira ndipo ndodo imaterereka. Kwa anthu osaona, nthambi ndi zikwangwani zisalendewere pa msinkhu wa nkhope, ndipo m'mphepete mwa njira muzimveka ndi ndodo.

Kodi mitengo ndi zitsamba sizibisa akuba?

Zimabisa ngati zadzalidwa mosaganizira. Mfundo imene akatswiri a chitetezo amatsata ndi yakuti pakhale mpata woonera pakati: zitsamba za m'mbali mwa njira ndi mawindo zisapitirire mita imodzi, ndipo nthambi za m'munsi za mitengo zidulidwe mpaka pafupifupi mamita awiri. Mlonda kapena kamera azitha kuona kuchokera pa geti kufika pa khomo. Mtengo usakhale pafupi ndi mpanda moti n'kusanduka makwerero.

Nyali zijambulidwe pa pulani imodzi ndi mitengo, chifukwa kamtengo kamene lero kali m'munsi mwa nyali kadzaiphimba pakatha zaka zisanu. Nyali zingapo zowala mofanana zoloza pansi zimathandiza kuposa imodzi yamphamvu yothobwa m'maso, imene imasiya mdima wandiweyani m'mbali. Kuwala kofiirira pang'ono, kwa 3000K kapena kucheperapo pa muyezo wa mtundu wa kuwala kwa mababu, sikusokoneza kwambiri mbalame, tizilombo ndi anthu oyandikana nawo.

Kodi malo okhala panja amagwiritsidwadi ntchito, kapena ndi kungotaya malo?

Amagwiritsidwa ntchito akakhala pamalo oyenera. Benchi yoikidwa padzuwa, pafupi ndi jenereta kapena moyang'anana ndi mawindo a mabwana imakhala yopanda munthu chaka chonse. M'zaka za m'ma 1970, William H. Whyte anajambula pa kanema mmene anthu amagwiritsira ntchito mabwalo a pakati pa nyumba za maofesi ku New York, ndipo anapeza kuti anthu amakhala pamene pali pokhala pokwanira, amakonda mipando imene angathe kusuntha okha, ndiponso amakopeka ndi pamene pali anthu anzawo. Paley Park, imene inatsegulidwa mumzinda womwewo mu 1967, ndi ya masikweya mita 390 okha, koma ili ndi mitengo ya mthunzi wopepuka, mipando yosunthika ndi mathithi opangidwa otalika mamita 6, amene mkokomo wake umaphimba phokoso la magalimoto. Kukula kwa malo si kumene kumakopa anthu, koma mthunzi, bata ndi kuyandikira khomo limene amatulukira.

Poloti yathu ndi yaing'ono. Kodi tingadzale pa denga?

Mungathe ngati injiniya watsimikiza kuti nyumbayo inganyamule katunduyo. Dimba la pa denga la dothi losaya, la masentimita 5 mpaka 15, limalemera makilogalamu pafupifupi 60 mpaka 150 pa sikweya mita likanyowa, ndipo lofuna zitsamba ndi mitengo limalemera kuposa apo kwambiri. Pansi pake pamafunika chotchinga madzi, chotchinga mizu ndi njira yotulutsira madzi. Mzinda wa Toronto unakhazikitsa mu 2009 lamulo lakuti nyumba zatsopano zikuluzikulu zizikhala ndi madenga otere. Ngati denga silingathe, mtengo umodzi wosankhidwa bwino pakhomo ndi zomera zokwera pa waya m'mbali mwa khoma zimasintha malo kuposa timiphika tambirimbiri, timene timauma msanga.

Ndalama zikachepa, tiyambe ndi chiyani?

Jambulitsani pulani yonse, kenako muigwire m'magawo. Yambani ndi zimene zimakwiriridwa ndipo n'zovuta kudzakonza pambuyo pake, zomwe ndi kutsetsereka kwa nthaka, ngalande, mapaipi ndi dothi labwino. Zikatha izi bwerani pa njira ndi nyali, kenako mitengo, chifukwa ndi imene imatenga nthawi yaitali kukula. Zitsamba ndi maluwa zikhoza kudikira chaka chamawa. Musawononge ndalama pogula mitengo ikuluikulu kwambiri ku nazale, popeza mtengo wocheperapo umagwira msanga ndipo kawirikawiri umaupeza waukulu uja pakatha zaka zochepa. Pamene simuyenera kudulapo ndalama ndi pa dothi, pa zifukwa zimene zafotokozedwa pa funso la kufa kwa zomera.

Ntchito ikatha, kodi tipangane zotani ndi kontilakitala komanso osamalira malo?

Mumgwirizano mulembedwe nthawi imene kontilakitala adzasamalire zomera ndi kubwezeretsa zakufa popanda malipiro ena. Nthawi zambiri imakhala miyezi 12, kuti zomerazo zidutse nyengo zonse za pa chaka. Popereka ntchito, akupatseni mapu oonetsa pamene mapaipi adutsadi, mndandanda wa zomera ndi mayina ake, komanso kalendala ya chisamaliro ya mwezi ndi mwezi. Mitengo yatsopano imafuna kuthiriridwa mosadumphitsa nthawi youma kwa zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, ngakhale ikhale ya mtundu wopirira chilala.

Osamalira malo auzidwe momveka zimene pulani inkafuna, chifukwa popanda kuuzidwa ambiri amangodulira chitsamba chilichonse kukhala chobulungira, n'kuchotsa nthambi zimene zikanatulutsa maluwa. Nthaka iphimbiridwe ndi makungwa, masamba owola kapena udzu wouma wochindikala masentimita 5 mpaka 8, koma zophimbirazo zisakhudze thunthu, pakuti chinyezi chimawoletsa khungwa ndi kuitana chiswe. Kapinga asafike pa tsinde la mtengo, chifukwa makina otchetchera akamakwapula khungwa sabata ndi sabata amadula njira ya chakudya ya mtengowo. Mukamayendera malowo, pisani chala pansi pa zophimbira kuti mumve chinyezi, ndipo muonenso zingwe zomangira mitengo ku zichiri. Zimenezi ziyenera kumasulidwa pakatha pafupifupi chaka chimodzi, chifukwa zikaiwalika zimalowerera m'khungwa pamene thunthu likunenepa, ndipo mtengo umadzathyokera pomwepo.